Kukonzekera masitazi ya kafotokozedwe ka sayansi kwa anthu muli ku Mchinji

Malangizo awa ndi a munthu amene ali kale ndi digiri yoyamba, kaya ya zaulimi, zaumoyo, uphunzitsi wa sayansi kapena utolankhani, ndipo akufuna digiri yachiwiri pa ntchito yolumikiza asayansi ndi anthu wamba. M'mayunivesite akunja maphunzirowa amatchedwa Science Communication, kwina Public Engagement, ndipo ndi mayina amenewa amene muzisakira pa intaneti. Chachikulu tinene poyambirira pomwe. Amene amapata malo ndi ndalama za maphunzirowa ndi amene ali ndi ntchito yooneka imene wagwira kale ndi anthu, komanso funso limodzi lomveka limene akufuna kulipezera yankho. Magiredi abwino amangochititsa kuti fomu yanu iwerengedwe. Kukonzekera kumafuna miyezi 15 mpaka 18, ndipo nthawi yambiri mwa imeneyi imathera kumudzi, kusikelo ndi kuwayilesi kuno ku Mchinji konkuno.

Zimene mukakumane nazo m'kalasi

Ambiri amapita akuganiza kuti akukaphunzira kufewetsa chizungu cha akatswiri basi. Luso limenelo lilimo ndithu: kulemba nkhani, kukonza pulogalamu ya pa wayilesi, kujambula kanema, kukonza chionetsero. Koma masabata oyambirira amathera pogwetsa maganizo akuti anthu amakana sayansi chifukwa cha umbuli, ndipo ukangowapatsa uthenga asintha. Maganizo amenewa amatchedwa deficit model. Anafala ku Britain pambuyo pa lipoti la mu 1985 la bungwe la asayansi la Royal Society, ndipo pofika mu 2000 komiti ya House of Lords, gawo lina la nyumba ya malamulo ya dzikolo, inali ikunena kuti chofunika ndi kukambirana ndi anthu, osati kumangowalalikira.

Mudzawerenganso kafukufuku wa Brian Wynne wokhudza alimi a nkhosa a ku Cumbria, ku England, itachitika ngozi ya nyukiliya ya ku Chernobyl mu 1986, imene poizoni wake anagwera m'malo awo odyetsera ziweto. Asayansi a boma anauza alimiwo kuti poizoni atha m'masabata ochepa, koma mawerengedwe awo anatengera dothi la mtundu wina, losiyana ndi la m'mapiri mmene nkhosazo zinkadya. Chiletso chogulitsa nkhosa chinatenga zaka zambiri. Alimi aja, amene palibe anawafunsa zimene ankadziwa za malo awo, anasiya kuwakhulupirira akatswiriwo. Mlangizi aliyense amene anaimapo pamaso pa alimi ku Kalulu kapena ku Mikundi aizindikira msanga nkhani imeneyi.

Mbali ina ndi ya kafukufuku. Ku Britain masitazi ya chaka chimodzi imakhala ya makirediti 180, ndipo 60 mwa amenewa ndi a kafukufuku wanu, amene nthawi zambiri amakhala wa mawu 10,000 mpaka 15,000 olembedwa m'miyezi itatu yomaliza. Ngati simunaphunzirepo kufunsa anthu mafunso mwadongosolo ndi kusanthula mayankho awo, apa ndi pamene padzakuvuteni, osati pa kamera.

Kokaphunzira

Pafupi ndi kwathu pali Stellenbosch University ku South Africa, kumene nthambi yake ya kafukufuku yotchedwa CREST imaphunzitsa MPhil ya Science and Technology Studies yokhala ndi nthambi ya sayansi ndi anthu, komanso kosi yaifupi ya pa intaneti. Ku Britain kuli Imperial College London, imene inayamba MSc imeneyi mu 1991 ndipo imafuna kwambiri anthu a digiri ya sayansi. Kulinso University of Edinburgh ndi UWE Bristol. Ku Australian National University kuli nthambi ya maphunzirowa yotchedwa CPAS, ndipo ku New Zealand kuli University of Otago. Kuno kwathu njira yapafupi ndi maphunziro oyandikana nawo: za kufalitsa mauthenga a zaumoyo ndi kusintha khalidwe ku MUBAS, za ulangizi ndi chitukuko cha kumidzi ku LUANAR, za zisudzo ndi kufalitsa mauthenga pa chitukuko ku UNIMA. Musawapeputse amenewa. Munthu angathe kuchita kafukufuku weniweni wa kafotokozedwe ka sayansi pansi pa dzina lina, ntchito osasiya, banja osalisiya.

Musasankhe potengera dzina la yunivesite lokha, ngati wogula mbewu poona chithunzi cha papaketi. Tsegulani ndandanda wa makosi ndi kuwerenga imodziimodzi. Pulogalamu ina yatsamira pa nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zionetsero za sayansi, ntchito imene kuno ndi yochepa. Ina yatsamira pa utolankhani, ina pa ndondomeko za boma. Onaninso ngati pali mphunzitsi amene wagwirapo ntchito mu Africa kapena pa wayilesi za kumidzi, ndipo funsani pa imelo, musanalipire chilichonse, mafunso awiri awa: kodi digiri yanga ya ku Malawi, ya giredi yakutiyakuti, ikukwanira? Nanga kafukufuku ndingakachitire kwathu? Mayunivesite sagwirizana pa kawerengedwe ka madigiri athu, ndipo yankho la yunivesite imodzi si la inzake.

Maphunziro a pa intaneti amatenga zaka ziwiri kapena zitatu ndipo amafuna maola osachepera 10 mpaka 15 pa sabata. Vuto lake kuno ndi magetsi ndi netiweki. Muyenera kukhala ndi laputopu ya batire yolimba, solar yoichajira, ndi ma SIM a makampani awiri. Funsaninso ngati makalasi amajambulidwa kuti muziwaonera usiku.

Ntchito yoti mukaonetse

Gawo ili ndi limene ambiri amalilumpha, pomwe ndi limene limasiyanitsa fomu yanu ndi mazana ena. Simukufunika bungwe lalikulu kapena ndalama zambiri. Mukufunika kantchito kamodzi kokhala ndi chiyambi, mapeto ndi umboni wa zimene zinasintha. Titengere chitsanzo cha chuku mu mtedza, poti Mchinji ndi kwawo kwa mtedza.

Sayansi yake ndi iyi. Nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus imatulutsa poizoni wa aflatoxin. Imakula bwino ngati mbewu yakumana ndi ng'amba kumapeto kwa nyengo, ngati makoko aboola ndi tizilombo kapena khasu pokumba, ngati mtedza wayanikidwa padothi, kapena wasungidwa usanaumitsitse. Kuwaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda kumawonjezera vutoli. Poizoniyu saphedwa ndi kukazinga kapena kuphika, amawononga chiwindi, ndipo angayambitse khansa ya chiwindi. Misika ya European Union silola mtedza woti anthu adye ngati uli ndi aflatoxin wopitirira mamaikirogalamu 4 pa kilogalamu.

Munthu wosaphunzira ntchitoyi amathamangira kulemba uthenga wakuti “alimi, sankhani mtedza wanu musanagulitse.” Uthengawo ndi woona, koma taonani zochitika pakhomo. Mayi akhala pamkeka ndi lichero, wabwino akuika m'thumba lopita kwa venda, wofwifwa, wosweka ndi wankhungu akuponya m'kambale pambali. Kambale kameneko satayira kudzala. Mawa mtedzawo usinjidwa, nsinjiro zake zilowa m'phala la mwana ndi m'ndiwo zotendera. Uthenga wathandiza wogula, poizoni watsala m'nyumba. Ichi simungachidziwe muli muofesi. N'chifukwa chake sitepe yoyamba si kulemba koma kufunsa: chezani ndi anthu 10 kapena 12, amayi ndi abambo padera, ndi kuwafunsa mmene amaumitsira, chifukwa chimene amanyowetsera makoko, ndi kumene mtedza wotsala umapita. Mudzamva kuti kusenda ndi manja mtedza wouma gwa kumatupitsa zala, ndiponso kuti ena amati madzi amawonjezera kulemera pasikelo. Uthenga umene sukhudza zifukwa zimenezi sungasinthe kanthu.

Mukamva zimenezo, sankhani chinthu chimodzi chokha chimene mukufuna kuti chisinthe. Lembani uthenga wa masekondi 60 mpaka 90, muuwerenge mokweza mutagwira wotchi, chifukwa mawu a Chichewa ndi aatali ndipo tsamba limodzi limadya nthawi kuposa mmene mukuganizira. Katswiri wa nkhaniyo, kaya wa ku ofesi ya zaulimi kapena wa ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze, auwerenge n'kutsimikiza kuti mfundo zake ndi zolondola. Kenaka uyeseni pa anthu 8 kapena 10 amene si abale anu kapena anzanu a kuntchito. Musawafunse kuti “mwamva?” chifukwa mwaulemu aliyense avomera. Apempheni kuti akufotokozereni zimene amva ngati akuuza mnansi wawo, ndipo lembani mawu awo enieniwo. Pamene anthu atatu asokonezeka pa chiganizo chimodzi, cholakwika ndi chiganizocho. Chikonzeni, muyesenso.

Pojambula mawu, foni wamba imakwanira. Zimitsani netiweki kuti kuitana kusadule, igwireni masentimita 15 kapena 20 kuchokera pakamwa pa wolankhula, ndipo thawani chigayo, msewu wa M12 ndi nyumba ya malata pamene mvula ikugwa. Chipinda chopanda katundu chimabweza mawu. Chokhala ndi makatani kapena matumba a chimanga chimamveka bwino. Mverani ndi mahedifoni masekondi 30 oyamba munthuyo asanachoke.

Uthengawo ungaulutsidwe pa wayilesi ya Mudzi Wathu, ungaseweredwe pa msonkhano wa kalabu ya alimi, kapena kusikelo. Pemphani chilolezo kwa abwana anu ndi kwa amfumu musanayambe. Chofunika koposa ndi kuyeza. Funsani mafunso atatu omwewo kwa anthu omwewo uthenga usanaperekedwe, ndiponso patatha masabata awiri kapena anayi. Funso limodzi likhale la zimene akudziwa, lina la zimene akuchita. Kawirikawiri mudzapeza kuti kudziwa kwakwera koma kachitidwe sikanasinthe kwenikweni. Musabise zimenezi. Zilembeni mu lipoti la masamba awiri, pamodzi ndi maganizo anu pa chifukwa chake. Kwa aphunzitsi osankha ophunzira, lipoti loona mtima lotere ndi lamphamvu kuposa zithunzi makumi awiri za misonkhano.

Mphunzitsi wa sekondale angachite zofananazo ndi kalabu ya sayansi, namwino ndi amayi a kusikelo, mtolankhani ndi nkhani zitatu zotsatizana pa mutu umodzi. Sungani zonse pamalo amodzi pa intaneti: mafayilo a mawu, zolemba, lipoti, ndi tsiku la chilichonse. Zithunzi za anthu, makamaka ana ndi odwala, musaziike popanda chilolezo cholembedwa. SciDev.Net ili ndi maphunziro a pa intaneti a atolankhani ndi asayansi, ndipo magazini ya kafukufuku ya JCOM imawerengedwa mwaulere. Werengani nkhani imodzi pa sabata kuti muzolowere kalankhulidwe ka anthu a ntchitoyi.

Mapepala

Yambani ndi transikiripiti, chifukwa ili m'manja mwa anthu ena ndipo ngati muli ndi ngongole ya fizi satulutsa. Ikani pamodzi satifiketi ya MSCE, digiri, chiphaso cha unzika ndi pasipoti, muone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana chilembo ndi chilembo. Dzina lapakati losowa pa pepala limodzi, kapena dzina la kuchikwati pa pasipoti pomwe digiri ili ndi la kwa makolo, lingaimitse fomu yanu kwa masabata. Kalata yolumbirira pamaso pa Commissioner for Oaths imakonza zimenezi, koma ipezeni nthawi isanathe. Mapepala ajambuleni ndi sikana, osati foni yogwira pamanja, ndipo tsamba lililonse lioneke lonse ndi chidindo chake.

Opita ku South Africa ayenera kutumiza digiri yawo ku SAQA, bungwe la dzikolo loona za mapepala a maphunziro, kuti iyesedwe mulingo wake. Kumeneko masitazi ili pa mulingo 9 ndipo olowa amafunika mulingo 8, wa honours. Ngati digiri yanu yaikidwa pa 7, mungauzidwe kuti muyambe mwachita honours kapena dipuloma ya pamwamba kwa chaka chimodzi. Ndi bwino kudziwa zimenezi miyezi isanu ndi umodzi fomu isanatsekedwe.

Mayunivesite ambiri amafuna mayeso a Chingerezi a IELTS ngakhale munaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale. Ena amalandira kalata ya yunivesite yanu m'malo mwake, choncho funsani kaye. Ngati ikufunika, lembetsani ya Academic, osati General Training. British Council ku Lilongwe ndi kumene mungafunse za masiku ndi mtengo. Nthawi zambiri amafuna 6.5 kapena 7.0, koma msampha uli poti gawo lililonse mwa magawo anayi lili ndi malire ake, ndipo maphunziro a kafotokozedwe amakhwimitsa pa gawo lolemba. Gawo limeneli ndi la ola limodzi: mawu osachepera 150 ofotokoza tchati m'mphindi 20, ndi nkhani ya mawu osachepera 250 m'mphindi 40. Anthu athu ambiri amagwa chifukwa chothera nthawi pa malonje ataliatali m'malo moyankha funso. Yesererani ndi wotchi kwa masabata asanu ndi atatu. Zotsatira zimagwira ntchito kwa zaka ziwiri zokha, choncho musalembe msanga kwambiri.

Okuchitirani umboni akhale awiri: mphunzitsi amene anakuphunzitsanidi, ndi wa kuntchito amene anaona kantchito kaja ndi maso ake. Udindo waukulu wa munthu amene sakukudziwani suthandiza. Apempheni kudakali masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, muwapatse CV yanu, lipoti lija ndi tsiku lomaliza, ndipo agwiritse ntchito imelo ya kuntchito ngati ali nayo. Akumbutseni mwaulemu kutatsala sabata. Mafomu ambiri abwino amafa chifukwa kalata ya umboni sinafike.

Ndalama

Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, imalipira masitazi ya chaka chimodzi ku Britain. Imafuna zaka ziwiri za ntchito, zimene amaziwerenga ngati maola 2,800, ndipo mumasankha makosi atatu. Mafomu amatsegulidwa cha mu Ogasiti n'kutsekedwa cha mu Okutobala kapena Novembala, osankhidwa amafunsidwa mafunso kumayambiriro kwa chaka chotsatira, ndipo pofika mu Julaye muyenera kukhala ndi malo otsimikizika, opanda zotsalira zoti mukwaniritse, pa imodzi mwa makosi atatu aja. Apa ndi pamene ena amaluza ndalama ataziwina kale: anadikira zotsatira za Chevening asanafunsire malo kuyunivesite. Funsirani zonse ziwiri nthawi imodzi. Mukamaliza muyenera kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri.

Beit Trust imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, choncho opikisana nawo ndi ochepa poyerekeza ndi ena. Canon Collins Trust imathandiza a kum'mwera kwa Africa, ambiri mwa iwo okaphunzira ku South Africa. Commonwealth Scholarship Commission ili ndi masikolashipu a masitazi, kuphatikizapo a ophunzira ali kwawo, koma amenewa amakhala pa makosi osankhidwa chaka chimenecho, choncho onani ndandanda wake musanakhazikike pa kosi imodzi. Kumbukiraninso kuti ku South Africa, Australia ndi New Zealand chaka cha maphunziro chimayamba cha mu Febuluwale, pomwe ku Britain ndi mu Seputembala kapena Okutobala.

Ngakhale mutapata sikolashipu yodzaza, pali ndalama zotuluka m'thumba mwanu isanabwere: IELTS, SAQA, pasipoti, fizi yofunsira malo m'mayunivesite ena, ndi maulendo a ku Lilongwe, pafupifupi makilomita 110 kuchokera pa boma. Viza ya ku Britain ya miyezi yopitirira isanu ndi umodzi imafunanso satifiketi yoyezetsa TB kuchokera ku chipatala chovomerezedwa ndi boma lawo, osati chilichonse, ndipo imagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi. Zina mwa zimenezi zimalipiridwa m'ndalama zakunja, zimene m'mabanki athu zimavuta, choncho pitani kubanki kudakali masabata angapo. Ogwira ntchito m'boma ayambiretu za tchuthi cha maphunziro ndi kuwerenga bwino pangano la bondi asanasaine. Ndipo aliyense wokuuzani pa WhatsApp kuti mulipire kuti akupezereni sikolashipu ndi wakuba. Mafomu a mabungwe onsewa ndi aulere.

Kalata yofotokoza chifukwa chake

Makalata ambiri amayamba ndi kunena kuti Malawi ndi dziko losauka ndipo wolembayo wakhala akukonda sayansi kuyambira ali mwana. Owerenga aona mawu amenewo kambirimbiri. Yambani ndi vuto limene munaliona, kumene munaliona, zimene munachita, ndi pamene luso lanu linathera. Tchulani mudzi kapena dera, chiwerengero chenicheni cha anthu amene munagwira nawo, mwezi wake, ndi zimene munapeza poyeza. Kenaka lumikizani kupereweraku ndi kosi yeniyeni ya pa yunivesiteyo, poitchula dzina. Ngati kalata yanu ingatumizidwe ku yunivesite ina mutangosintha dzina, ndiye kuti sinakwane. Nenaninso chimene mudzachite m'zaka ziwiri zoyamba mutabwerako, chinthu chotheka, osati kusintha dziko lonse. Chevening imafunsanso za utsogoleri ndi za kumanga ubale ndi anthu, ndipo zitsanzo za kantchito kaja zimayankha zonsezi: munawatsimikizira bwanji amfumu, munagwirizana bwanji ndi a wayilesi. Lembani nokha. Kukopera kwa mnzanu amene anawina chaka chatha kapena kulembetsa ku makina a AI kumadziwika, ndipo pa nthawi ya mafunso simungathe kuteteza mawu amene si anu.

Funso la kafukufuku ndi kulichitira kuno

Funso lakuti “anthu a ku Malawi amaiona bwanji sayansi” silingayankhidwe m'miyezi itatu. Lichepetseni mpaka likhale la gulu limodzi, uthenga umodzi ndi dera limodzi. Mchinji inali m'gulu la maboma amene anayamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S mu 2019. Mwana amalandira kanayi, pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22, ndipo kubwerera kukalandira wachinayi ndiko kumavuta. Funso labwino lingakhale lakuti amayi a m'dera la chipatala chimodzi anamva chiyani kwa alangizi a zaumoyo za katemera wachinayiyu, ndipo anachimva bwanji. Lina lingakhale la mmene alimi a dera limodzi la zaulimi (EPA) amamvera ulosi wa nyengo wa nthambi ya zanyengo ukanena kuti mvula idzagwa mwa nthawi zonse kapena kuposerapo. Anzathu a ku Kasungu ali ndi nkhani zawo: bwalo loyesera madrone, tindege touluka topanda munthu, limene boma ndi UNICEF anatsegula mu 2017, ndi njovu 263 zimene zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde mu 2022, zimene zinadzutsa mafunso aakulu a mmene midzi yozungulira paki ya Kasungu inauzidwira ndi kufunsidwira. Musanalembe kalikonse werengani za pulojekiti ya MaiMwana, imene inachitikira kuno ku Mchinji ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya kafukufuku wa zaumoyo ya The Lancet mu 2013. Inayesa magulu a amayi okambirana okha mavuto a uchembere ndi kupeza njira zowathetsera, ndipo ndi chitsanzo cha kwathu kuno cha zimene m'kalasi adzazitcha kutengapo mbali kwa anthu.

Chilolezo cha yunivesite yanu yakunja sichikwanira kuti muyambe kufunsa anthu kuno. Mufunikanso cha komiti ya m'dziko muno: ya bungwe la boma la zasayansi la NCST yoona kafukufuku wa chikhalidwe cha anthu, kapena komiti ya NHSRC ya unduna wa zaumoyo ngati nkhani yake ndi ya zaumoyo, kapena komiti ya yunivesite ya kuno yovomerezedwa. Pamakhala fizi, ndipo angakubwezereni mapepala kuti mukonze, choncho perekani kudakali miyezi itatu. Amafuna mafunso anu ndi fomu ya chilolezo m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mukapata chilolezocho, pitani ku ofesi ya bwanamkubwa ndi kwa mkulu wa nthambi yokhudzidwa, kenaka kwa a T/A, a gulupu, mpaka kwa nyakwawa. Kulumpha mmodzi mwa awa kungakutsekereni mudzi wonse. Mphekesera za anamapopa zimene zinaphetsa anthu kum'mwera mu 2017 zikukumbutseni kuti mlendo wonyamula zida zosadziwika ayenera kudziwitsidwa ndi munthu amene mudzi ukumudziwa, masana, pagulu. Fotokozani kuti chojambulira mawucho n'chiyani, ndipo lolani anthu achigwire.

Nyengo nayo muiwerengere. Kuyambira Disembala mpaka Malichi anthu ali kumunda ndipo misewu ya ku Mkanda ndi ku Kapiri yolowa m'midzi imavuta. Juni mpaka Ogasiti, nthawi imene ophunzira a ku Britain amachita kafukufuku, ndi yabwino kuno, ndipo pa nkhani ya mtedza ndi nthawi yosenda ndi kugulitsa, pamene mungaone ndi maso zimene anthu akuchita m'malo mongomva. Pewani masiku a msika, ndipo pakagwa maliro m'mudzi imitsani zonse, mukapepese, mudzabwere tsiku lina. Ikani masiku owonjezera m'ndondomeko yanu chifukwa cha zimenezi.

Gulu lokambirana likhale la anthu 6 mpaka 10, kwa ola limodzi kapena ola ndi theka. Amayi ndi abambo akhale padera, ndipo amfumu kapena mlangizi wa deralo asakhalepo, chifukwa akakhalapo onse amangovomereza zimene wamkulu wanena. Chezani nawo paokha. Muuzeni aliyense poyambirira kuti kafukufukuyu sabweretsa makuponi, mbewu kapena Mtukula Pakhomo, apo ayi mayankho onse adzakhala a munthu wofuna kulembedwa dzina. Amene satha kulemba adinde chala pamaso pa mboni imene wasankha yekha. Mukhale awiri, wina wofunsa, wina wolemba amene akulankhula ndi zimene chojambulira sichingagwire.

Ntchito imene imadya nthawi mosayembekezeka ndi kulemba zimene munajambula. Ola limodzi la zokambirana limatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kulilemba m'Chichewa, ndipo kumasulira m'Chingerezi ndi ntchito inanso. Magulu asanu ndi limodzi, kuphatikizapo anthu ena khumi ocheza nawo paokha, ndi okwanira pa masitazi. Kupitirira apo mudzakhala ndi mafayilo amene simudzawamvera. Yambani kulemba madzulo a tsiku lomwelo, chotsani mayina a anthu, ndipo sungani makope awiri otsekedwa ndi pasiwedi, imodzi pa intaneti. Santhulani mawu a Chichewawo, osati omasulirawo, ndipo mumasulire zokhazo zimene mudzaziike mu lipoti. Mu bajeti ikaninso ndalama za ulendo wobwerera kumidzi ija kukanena zimene munapeza, ndi za tsamba limodzi la zotsatira m'Chichewa loti musiyire komiti ya chitukuko ya m'deralo ndi ofesi imene inakupatsani chilolezo.

Mukabwerako ndi digiri yakunja, ipititseni ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko muno, kuti itsimikizidwe, makamaka ngati mukufuna ntchito kapena kukwezedwa m'boma kapena kuyunivesite. Ntchito zake sizilengezedwa kawirikawiri ndi dzina la digiriyo. Sakani za community engagement, research uptake, knowledge translation ndi social and behaviour change m'mabungwe a kafukufuku monga Malawi Liverpool Wellcome Programme ku Blantyre, MEIRU ku Lilongwe ndi Karonga, mabungwe a zaulimi a ku Chitedze, mayunivesite, NCST ndi nthambi ya maphunziro a zaumoyo mu unduna wa zaumoyo.